Gideon Pedro, Amene Tinamuika M'manda Ali Moyo

Aphunzitsi a mpingo wathu andipempha kuti ndilembe za mlongo wanga Gideon, poti m'banja mwathu ndatsala ndine wodziwa kugwira cholembera. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo ndikulemba mwana ali kumsana. Pamene mawu apendekeka mundikhululukire.

Bambo athu a Pedro anali Msena wa ku Zambezi. Anathawa chibalo cha Apwitikizi ali mnyamata, napalasa ngalawa kukwera Shire mpaka m'madambo a kwa Nyachikadza, kumene anakwatira mayi athu a Esinala. Tinabadwa asanu ndi awiri, malungo anasiya awiri: Gideon ndi ine Dorika. Bambo anatengedwa ndi ng'ona akuvuula mono. Thupi silinapezeke, ndiye monga mwa mwambo wathu anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'mphasa, naliika m'manda m'malo mwawo kuti mzimu upeze pogona.

Gideon anatenga nkhafi ya bambo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anabatizidwa mu 1912, ndipo Sabata lililonse ankawolotsa nkhalamba kupita nazo kutchalitchi. Chaka cha njala ankalowa m'dambo mpaka m'khosi kukumba nyika, mizu ya kakombo, misundu itamuzinga miyendo, koma pofika kunyumba dengu linali theka. Ankati, "Ukakhala ndi ziwiri, chimodzi n'cha munthu amene sunakumane naye."

Mayi ankamukalipira. "Iwe tsiku lina udzafika pano wamaliseche, nsalu utapatsa mlendo!"

"Mudzandifunditsa mphasa, mayi."

Mu 1916 anabwera olemba anthu a nkhondo ya Ajeremani. Mudzi wathu unayenera kupereka mnyamata, ndipo chala chinaloza mwamuna wanga, titangokwatirana kumene. Gideon anaimirira nati apita ndiye. Mayi anamusokera mtanda wa ulusi wofiira pangodya ya bulangeti lake, ndipo anakwera sitima pa Nsanje osacheuka.

Mu Okutobala 1917, dzuwa lili paliwombo, ngalawa inafika padooko pathu yopanda wopalasa. M'katimo munagona munthu wachilendo, mafupa okhaokha, mapewa ali zilonda monga amakhalira amtengatenga. Anali atafunda bulangeti m'kutentha konse kuja. Tinamudonthezera madzi, anayang'ana mayi nthawi yaitali, natsirizika osanena kanthu. Pomufundukula tinaona mtanda wofiira uja.

Mayi anakana masiku atatu kuvomera kuti Gideon wafa. Bambo aang'ono a Simoni, mng'ono wa bambo athu, anati, "Alamu, bulangeti la msilikali silibwera kwawo mwini ali moyo. Mukufuna mwana azingoyendayenda m'thengo?"

Amuna anakumba manda a Gideon. Nthochi palibe anafuna kuidula, ndiye ndinatenga chikwanje ine, chifukwa ntchito ikakhalapo sindidziwa kuiyang'ana. Ndinadula imene inali kuseri kwa nkhokwe. Madzi ake anandiyenderera m'manja ozizira ngati a m'mtsuko, ndipo anthu anayamba kulira. Tinaika, tinameta, tinatha.

Nkhondo itatha, mu 1919, kunafika munthu wa ku Chilomo dzina lake Elisha, wa mkono umodzi. Anakhala pamphasa nati anali mnzake wa Gideon, ndipo ndiye anamuika m'manda.

"Takhuta, mwanawe," anatero mayi pomuthokoza mu Chisena. "Inali Okutobala, eti? Chaka chija cha dzuwa?"

"Iyayi, mayi. Ogasiti wa chaka chathachi."

Ndinawerenga pa zala. Miyezi khumi. Miyezi khumi Gideon akuyenda, akudya, akupemphera, kuno manda ake atamera udzu. Aliyense kwathu amadziwa kuti kuikira nthochi munthu wamoyo ndiko kumuitanira imfa. A Simoni anayang'ana pansi. Ine ndinabisa manja anga m'nsalu.

Elisha anati bulangeti lija Gideon anafunditsa wamtengatenga wodwala amene ankamubweza kwawo. Kenaka anazengereza, nati, "Pali china. Tsiku lina masana tili pa ulendo, dzuwa likuswa mtengo, Gideon anangoima njenjenje, mano akugundana. Ndinati, 'Iwe Msena, malungo akupeza?' Anati, 'Ayi. Kwathu andiika.' Analavula, ndipo ndikulumbira, mayi, m'malovumo munali dothi lakuda la kudimba, pamene dziko tinalimo linali la katondo."

"Anakwiya?" Ndinafunsa ine.

"Anaseka. Anati, 'Wadula ndi Dorika, sadikira ameneyo. Wadulanso ya kuseri kwa nkhokwe, imene ndinaisungira mkoko.'"

Za nthochi imeneyo palibe amene anali atamuuza Elisha. Anali asanamwe ngakhale madzi pakhomo pathu.

Kuyambira tsiku limenelo, anatero Elisha, Gideon analibenso mantha. Zipolopolo zikamalira ena atagona pansi, iye ankakwawa kukatenga ovulala, ngakhale asilikali a mbali inayo. Phoso lake ankagawira amtengatenga. Anzake anayamba kumuopa, ena osafuna kugona naye pafupi, koma iye ankangoti, "Ambuye andibwereka masiku. Zobwereka sasunga m'nkhokwe."

Anamuwombera m'mimba akutungira madzi ovulala, m'dziko la Apwitikizi lomwe bambo athu anathawa. Anamugoneka pansi pa mlambe m'mawa. Sanabuule. Anapempha Elisha kuti amuyimbire nyimbo ya kutchalitchi, ndipo poti Elisha ankadziwa ndime imodzi yokha, anaibwereza katatu.

Apa ndinalephera kudzigwira. "Achimwene, ndiuzeni zoona. Ndinamupha ndine?"

"Mlongo, funso limenelo analiyankha yekha, poti anadziwa kuti mudzafunsa. Anati, 'Ukamuuze Dorika kuti chikwanje chake sichifika kuno. Wondiitana ndi Mmodzi, ndipo wandiitana lero, osati tsiku lija. Asafukule. Kuno undiika popanda mphasa, kwathu anandiika bwino, mayi akundiyimbira. Ndi asilikali angati anamva maliro awo?' Atatero anatseka maso ngati munthu wotopa ndi kupalasa."

Mayi anadzuka, natenga khasu, napita kukalambula manda aja, ine ndikuwatsata pambuyo. A Simoni anafunsa ngati timetenso. Mayi anati, "Mwana wanena kuti zinatha."

Gideon anakhala zaka makumi awiri ndi chimodzi. Za dothi lija musandifunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti anamva kuti abale ake amukwirira ali moyo, ndipo m'malo motitemberera anatitumizira mtendere. Inu a mumpingo, musaikire munthu nthochi musanaone amene anamutseka maso. Koma wina akakulakwirani chachikulu chotere, mukumbukire kuti mnyamata wa kwa Nyachikadza anakhululuka asanapemphedwe. Ine manja awa amene anadula nthochi ija ndimadya nawo tsopano mtima uli m'malo.