Tsiku limene Ezelina anazimitsira Lucious magetsi

Pa Lisasadzi pano amati Ezelina amazimitsira magetsi amuna amene amukana. Akuti amangodina foni, kwako n'kukhala zii. Umboni wawo ndi Lucious wowotcherera ngolo, amene mpaka lero sapatsana naye moni. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma maso sindinawasiye m'kalasimo, ndipo tsiku lija ndinalipo.

Ezelina ndi mayi wa ana atatu, amakazinga mandasi pamsika. Bungwe lina litaika masola opereka magetsi pamsikapo, anthu anamusankha kuti aziyang'anira, poti saopa ndevu za munthu. Waya wake ndi umodzi wopita m'mashopu onse, ndipo sungasenze zonse nthawi imodzi. Ndiye aliyense ali ndi maola ake. Amene sakuwafuna amalengeza pa gulu la Watsapu, wina n'kugula. Pa foni ya Ezelina pamaoneka kamzere. Kakabiriwira zili bwino. Kakafiira n'kukhalitsa, bokosi la magetsi limazima lonse, ndipo wokonza amachokera ku Boma patatha masiku atatu.

Tsiku lija kunabwera lole ya feteleza wotsika mtengo, yoti ibwerere folo koloko. Za makuponi zinali zitatha kale, ndiye kalaliki wogulitsa fetelezayo ankajambula zitupa ndi foni. Foniyo batire yake inali yakufa, ukangoichotsa pa chaja, yazima. Magetsi akanathima, feteleza akanabwerera ndi lole. Chimanga changa chinali chitayamba chikasu, ndipo pamzere ndinali wa nambala 83.

Lucious anali ndi ngolo ziwiri zoti awotcherere msanga. Anagula ola la Grey wometa, n'kuyatsa makina owotcherera ndi girayinda yodulira zitsulo pamodzi.

Ezelina anasiya mandasi pamoto.

"Achimwene, zimitsani chimodzi. Kamzere kakufiira."

"Ndagula ine. Onani pa gulu. Grey, sindinagule?"

Grey analowa m'shopu mwake ngati waitanidwa.

"Mwagula ola la kamakina kometera," anatero Ezelina. "Girayindayo ndi mutu wa ndani ikumeta?"

"Ola ndi ola, mayi. Kawoneni mandasi anu, akupserera."

Babu la pakhonde pa kalaliki linayamba kuphethira. Pamzere nthabwala zinatha, ngakhale zanga. Ezelina anakweza foni kuti tonse tione kufiirako, kenako anadina pozimitsira shopu ya Lucious. Girayinda inalira kamodzi n'kukhala chete. Babu lija linakhazikika.

Lucious anatuluka hamala ili m'manja. Anayenda mpaka kumuyandikira mphuno ndi mphuno. Ezelina sanasunthe.

"Menyani. Mukatha muwafotokozere awa."

Lucious anacheuka. Mzere wonse unali ukumuyang'ana, azimayi atamangirira zitenje. Hamala ija inatsika pang'onopang'ono, mwiniwake n'kubwerera akutukwana girayinda.

Matumba anga awiri ndinalandira kutatsala mphindi makumi awiri kuti lole inyamuke. Ngolo zija sizinathe, eniake anakalusira Lucious, ndipo mawa lake ndi pamene inabadwa nkhani yoti Ezelina ankamufuna.

Sabata yatha ndinakagula mandasi, n'kumufunsa mwaulemu wanga wonse. "Mayi, paja akuti munazimitsa chifukwa cha chikondi?"

Sanadzutse n'komwe mutu pa chiwaya.

"Ine kufuna Lucious? Waya umapsa. Akadzaikanso girayinda pa ola la wometa ndidzamuzimitsiranso. Inunso, mukayerekeza."