Mlimi wa ndere wa ku Milonde

Ku Milonde munthu amalima chimanga, nandolo ndi chinangwa, kapena amakathyola tiyi ku esiteti. Morton yekha ndiye ankati ndi mlimi wa ndere, ndipo ankanena zimenezi pagulu osaphethira n'komwe.

Lusoli analitenga ku Mozambique. Ali mnyamata anatsatira abale a mayi ake, Alomwe a tsidya ilo, mpaka kukafika kunyanja yamchere, kumene anthu amamangirira ndere pazingwe m'madzi, kuisamala ngati mbewu ina iliyonse, n'kuigulitsa ikauma. Iye ntchito yake inali ya mankhwala. Ankasinja masamba a nimu ndi zitsamba zina, n'kuviika mbewu ya ndereyo m'beseni kuti ikule msanga, komanso kuti tizomera taubweya timene timamera pa ndere n'kuifooketsa tisaikakamire. Akamaliza ankakhuthulira madzi otsalawo m'nyanja, nyanja n'kuwameza.

Atabwerera kuno anakwatira Lines nalowa chikamwini, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Millie. Koma khasu ndi Morton sankamwerana madzi. Mizere yake inkakhota mochititsa manyazi, moti mwini mbumba, a Robson, malume ake a Lines, tsiku lina anaima m'mundamo atagwira m'chiuno.

"Akamwini, ku Mozambique kuja mumalima chiyani kodi?"

"Ndere, malume."

"Ndere? Yomwe amayi amapala pamjigo ija?" A Robson anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka nkhope inasintha. "Chaka chino tione chotuluka m'manja mwanu. Apo ayi, njira munadzera ija sinamere udzu."

Morton anachita mantha, mantha enieni. Munda sanali kuulira, koma Lines ndi Millie. Mkamwini akathamangitsidwa amanyamula thumba lake lokha, mwana amatsala ndi eni ake.

Mwayi unamupeza kwa mlimi wina wa ku Thuchila, amene anamugawira kandere koyandama pamadzi kotchedwa azola, kamene nkhuku zimadya n'kumaikira osalekeza. A Robson anali ndi damu la nsomba kumunsi kwa mudzi, ndiye Morton anapempha ngodya imodzi, naitchinga ndi nsungwi. Azola anayala bwino, nkhuku za a Robson zinayamba kunona, ndipo apongozi aakazi anayamba kuyankha moni wa Morton ndi mawu awiri m'malo mwa limodzi.

Kenaka kunabwera mdani uja ankamudziwa bwino: ndere yachabechabe yonga ulusi, yokulunga mizu ya azola, pamodzi ndi timbozi todya masamba. Morton anasangalala, poti nthawi yoonetsa ukatswiri inali itakwana. Anasinja nimu ndi deliya, naonjezamo ombwe, chitsamba chimene anthu amaphera tizilombo m'madimba. Kuti ombwe amaphanso nsomba, mwana aliyense wa ku Mulanje amadziwa, ndipo nayenso Morton ankadziwa. N'chifukwa chake anawola azola wake n'kukamuviikira kumtunda, m'beseni lalikulu, kenaka n'kumutsukuluza bwinobwino asanamubwezere m'madzi. Zonse anachita mwa dongosolo. Atamaliza ananyamula beseni lija, akuimba kamluzu, nalikhuthulira m'damu. Mutu unkadziwa, koma manja anali adakali kunyanja yamchere.

M'mawa mwake nsomba zonse zinali zitayang'anitsa mimba kumwamba. Mudzi wonse unasonkhana m'mbali mwa damu, a Robson ali chilili. Pangodya paja azola anali bwinobwino, wobiriwira kuposa kale lonse. Munthu wanzeru akanagwada pomwepo n'kupepesa. Koma Morton, mlimi wa ndere, anayamba waloza kungodya kuja.

"Komatu mankhwalawo agwira, malume. Taonani nokha."

Mlandu unathera pomwepo. Lines analira kwambiri, koma munda, amayi ake ndi manda a makolo ake zili ku Milonde, ndiye anatsala. Morton anamanga thumba panjinga n'kukapeza kachipinda ku Thuchila.

Pasanapite nthawi azola anayamba kufiira n'kuola. Ulusi uja unabwereranso, nkhuku zinachepetsa mazira, ndipo m'mudzimo munalibe wodziwa muyezo wa masamba aja. A Robson anadziluma lilime natuma munthu kukaitana Morton.

Masiku ano Morton amafika ku Milonde Loweruka lililonse ngati katswiri. Amamuyalira mkeka pakhonde, amamuphera nkhuku, a Robson amamutchula kuti "adokotala" ndipo beseni amakalitayira okha kutali. Ntchito yonseyo Morton akhoza kuwaphunzitsa tsiku limodzi, koma akafunsidwa amangoti, "Ndi zovutirapo izi, malume, zimafuna dzanja lozolowera." Sikuti amanama chifukwa cha dyera. Akudziwa kuti tsiku limene adzaulule muyezo, khomo lokaonera mwana wake lidzatsekeka.

Lines amabwera ndi madzi osamba m'manja, amagwada patali, maso ali pansi. Amauza Millie kuti, "Kapereke moni kwa alendo," ndipo mwanayo amaperekadi moni, n'kuthawira kuseri kwa amake. Dzuwa likapendeka a Robson amamuperekeza Morton mpaka pamsewu, mwaulemu wonse, n'kuima pomwepo mpaka atatsimikiza kuti wapitadi.