Chinangwa Chimene a NyaLongwe Anazula Chisanakhwime

A Bessie Longwe, omwe anthu a ku Chintheche ankangowatchula kuti a NyaLongwe, anabadwira m'mphepete mwa nyanja koma sanakulire komweko. Ali kamtsikana, kunabwera akuluakulu atanyamula mapu, n'kunena kuti pamalo pawopo pamangidwa fakitale ya mapepala. Mudzi wonse unasamutsidwira kumtunda, m'tsinde mwa mapiri. Chimene sankaiwala ndi munda wa chinangwa wa mayi awo umene anausiya utatsala pang'ono kukhwima. Chaka chimenecho anadya chopempha kwa abale. Fakitale ija sinamangidwe n'komwe.

Kumtundako anakula, anakwatiwa ndi kalipentala, anabereka ana, kenako mwamuna uja anamwalira. Chinangwa ndicho chinawalerera anawo. Kumunsi kwa munda wawo kunkadutsa kamtsinje kochokera m'phiri, ndipo m'mathamanda ake ndimo ankaviikamo chinangwa. Ufa wawo unali woyera, wopanda fungo loipa. Aphunzitsi ndi anamwino ochokera kumwera, aja ankafika akulumbira kuti kondowole sangamulawe, ambiri anamuyambira pa ufa wa a NyaLongwe.

M'chaka cha 2013 anawotcha njerwa n'kuyamba kumanga nyumba yoti adzakalambiremo. Khoma litafika m'mawindo, tsiku lina m'mawa anapita kumtsinje n'kupeza mkuyu wa pafupi ndi dimba lawo utapakidwa penti yofiira. Atayang'ana kumtunda anaona mtengo winanso wopakidwa, kutsogolo kwake winanso, mpaka kukalowa m'phiri.

Masana kunabwera mlongo wawo, a Enos, amene ankacheka matabwa m'phirimo.

"Mwaiona penti ija, alongo?" anafunsa a Enos asanakhale n'komwe pansi. "Ndi a zankhalango. Ndakumana nawo akuyenda ndi mapu. Akuti phiri lonse mpaka kunyanja likhale lotetezedwa. Ena akuti amanga mpanda wa waya, aikamo nyama."

"Nanga anthu?"

"Mukufunsa ine? Zija munaziona nokha."

A NyaLongwe sanafunsenso munthu wina. Anauza womanga kuti ayambe waima, ndipo tsiku lotsatira analowa m'munda ndi khasu. Anatsimikiza mtima kuti ulendo uno sasiya chakudya m'nthaka. Chinangwacho chinali chanthete, china chochepa ngati chala, koma anazulabe. Anasenda, anaviika, anayanika. Anansi atawafunsa, ankangoti ufa wawathera. Pakhomo ponse panayera ndi makaka, pathandala, pamphasa, ngakhale pamwamba pa njerwa za nyumba yosatha ija.

Pakati pa anthu opaka penti aja panali Agness, mtsikana wa ku Dedza, wogwira ntchito za nkhalango. Lamlungu ankaimba m'kwaya ku Bandawe, ndipo anali kasitomala wa a NyaLongwe. Kutchalitchi mayiwo anayamba kumuzemba. Koma Loweruka lina Agness anatulukira pakhomo ndi ndowa yake yotengera ufa. Anaima n'kuyang'ana makaka aja.

"Ama," anatero, pakuti mawu aulemu a Chitonga anali atawaphunzira, "chinangwa chanthete chonsechi mwazuliranji? Mwagwa matenda m'munda?"

A NyaLongwe anapitiriza kutembenuza makaka osamuyang'ana. "Mwana wanga, ine sindikukangana nawe. Ntchito ndi ntchito. Ungondiuza mwezi wake, kuti ndizule chotsalacho nthawi ikadalipo."

"Mwezi wa chiyani?"

"Wosamuka."

Agness anaika ndowa pansi. Anafotokoza kuti palibe amene akusamuka, kuti uthenga wa msonkhano wofotokozera anthu za ntchitoyo unachedwa kutuluka pomwe penti inatsogola, ndipo kumeneko anavomera kuti anzake ndi iye analakwitsa. A NyaLongwe ankangogwedeza mutu ngati munthu womvera mwana akunama mwaulemu.

"Mawu anga simukuwakhulupirira," anatero Agness. "Lolemba tikwere limodzi phiri. Pali mwala wina umene munthu amaonera zonse. Ndikakusonyezeni ndi chala."

Anakwera m'mawa, dzuwa lisanatenthe. A NyaLongwe anali asanafikeko pamwamba chotero chimwalirire amuna awo, ndipo mawondo anawakumbutsa zaka zawo. Atafika pamwala paja anapuma kaye, kenako anayang'ana kumunsi. Dziko lonse linali pansi pawo: midzi, minda ya chinangwa, msewu wa tara, mchenga woyera wa ku Kande.

Agness analoza nkhalango yowirira ya pamwamba pa phiri. Analoza ina yaing'ono yozungulira manda, ndi ina kufupi ndi nyanja. Pakati pa nkhalangozo panali poyera, zitsa zokhazokha ndi malo opsa ndi moto.

"Kale zonsezi zinali zolumikizana," anatero. "Mbalame, apusi, ngakhale njuchi zinkachoka uku kupita uko zili mumthunzi. Pano chilichonse chatsekeredwa m'kankhalango kake. Tikateteza ya pamwambayi yokha, zinazo zitha, ndipo nayonso siikhalitsa. Nanga onani pamene mtsinje wanu ukuthira m'nyanja."

Panali chibanga chofiirira m'madzi obiriwirawo.

"Ndi dothi la m'phiri lino. Nsomba za sanjika ndi mpasa zimakwera mitsinje kukaikira mazira pamiyala. Matope akakwirira miyalayo, asodzi a ku Makuzi amabwerako ndi maukonde opepuka. N'chifukwa chake sitikukonza za phiri palokha, nyanja payokha. Mitengo ya penti ija ikusonyeza kamzere ka m'mbali mwa mtsinje kamene tikupempha kuti kasiyidwe, mitengo imerenso, nkhalango zigwirane."

"Nanga mpanda wa waya?"

"Kulibe."

"Nyumba yanga?"

"Ndi iyo apo, njerwa zikuoneka kufiira. Ili kutali ndi mzere. Chimene chikukhudzidwa ndi chigawo cha dimba lanu chimene chagundana ndi madzi. Ndipo nkhaniyo ikambidwa pamsonkhano, inu muli pomwepo."

A NyaLongwe anayang'ana mtsinje, n'kuyang'ana nyumba, n'kuyang'ananso mtsinje. Pakati pake panali mtunda ndithu, anauona ndi maso awo. Anakhala pansi pamwalapo. Anapuma mpweya wautali, kenako anayamba kuseka, misozi ili m'masaya.

"Chinangwa changa," anatero. "Theka la munda, mwana wanga. Ndazula ndekha, popanda wondithamangitsa."

Agness sanaseke nawo. Anakhala pambali pawo mpaka mayiwo anatonthola.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu, ndipo sunali wophweka. Panabwera a kuphiri, a m'minda ndi asodzi, anthu amene sankakhalira pamodzi nkhani imodzi. Asodzi ankaloza ocheka matabwa, ocheka matabwa ankaloza otentha tchire. A Enos anakwiya atamva kuti kumagwero a mitsinje sikudzachekedwanso mtengo, ndipo anachoka zokambirana zisanathe. Anabweranso pamsonkhano wachiwiri, pamene anagwirizana za mbali ina ya phiri yoti muzidulidwa mitengo mosinthanasinthana ndi kubzalamo ina. Sanakhutire kwenikweni, ndipo mpaka lero amadandaula kuti mbawa zabwino zinatsalira mbali yoletsedwa.

A NyaLongwe analankhula kamodzi kokha. Anaimirira n'kufunsa ngati amayi adzaloledwe kufika kumathamanda oviikamo chinangwa. Panali kukambirana, chifukwa ena ankati madzi a chinangwa amapha tinsomba. Pomaliza anagwirizana zokumba maenje pambali, kupatutsirako madzi, kuti zotsukira zisamabwerere mumtsinje. Ntchito inachuluka, koma njira yopita kumadzi inakhala yotsegula.

Dimba lija anatayako gawo limene linkabereka bwino mpiru. Chaka chimenecho ufa unawathera msanga, ndipo makasitomala ena anapita kwina. Koma mvula itagwa, amayi a mumpingo anabwera ndi mitolo ya mbewu, n'kuwathandiza kubzalanso pamene anazula paja. Womanga anabwerera, khoma linakwera, malata anakhomedwa.

Masiku ano m'mbali mwa mtsinje muja mwamera mitengo ya katope ndi mikuyu yaing'ono, ndipo madzi saphwa msanga m'chilimwe. Apusi nawo anaipeza njira yawo. Amatsika m'phiri kudzera m'mitengomo, n'kupatukira m'munda mwa a NyaLongwe, amene tsopano amaweta agalu awiri chifukwa cha iwowo. Agness anasamutsidwira ku boma lina, koma akamadutsa pa Chintheche amatsika basi kudzagula ufa. Nthawi zonse a NyaLongwe amayamba ndi kumuwerengera milandu ya apusi ake, mmodzimmodzi, kwinaku akumudzazira ndowa mpaka kusefukira.