Munthu wokana kufinya nyimbo

Kunja kukangoyamba kuyera, a Yoramu Ngozo amakhala atatsegula kale kashopu kawo ka pa Nsipe. Sayamba ndi kusesa pakhomo ngati anzawo. Amapukuta kaye fumbi pa kompyuta, amalumikiza batire, kenako amavala mahedifoni akuluakulu omangidwa ndi mphira mbali imodzi. Ine ndimawaona ndikamapita ku Misa ya m'mawa. Ndikawapatsa moni amangokweza dzanja, osacheuka. Kale ndinkayesa mwano. Pano ndikudziwa kuti nthawi imeneyo ndi yokhayo imene amamva bwino, chigayo cha kuseri kwa shopu chisanayake. Amati chigayo chikayaka, kulira kwake kumayenda m'mawaya a magetsi mpaka kukalowa m'nyimbo imene akujambula.

Kwawo ndi ku Tsangano, ndipo anakulira m'minda ya kachewere. Ali mnyamata anapita ku Joni, kumene anali mlonda pa sitolo yokonza makompyuta. Anzawo pobwerera ankanyamula mabulangete ndi njinga. Iwo anabwera ndi kompyuta imene eni ake anali ataitaya, komanso chikondi cha chinthu chotchedwa Linux. Monga anandifotokozera, imeneyi ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yolembedwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene ambiri sanaonanepo. Amaipereka ulere.

"Ili ngati chitsime cha mudzi, amayi," anatero. "Aliyense amatunga, ndipo wodziwa kukonza amakonza osapempha chilolezo kwa munthu."

Pa galasi la kompyuta yawo palibe chithunzi ngakhale chimodzi. Anachotsa zokongoletsa zonse, chifukwa amati chilichonse chophethira pamenepo chikudya mphamvu yoyenera kupita ku nyimbo. A Fabiano, amene ali ndi shopu yothira nyimbo m'mamemori khadi kutsidya kwa msewu, amawoloka kudzawaseka.

"Achimwene, kompyuta yanuyi ili pa maliro kodi? Galasi bii, ngakhale duwa limodzi."

"Yanuyo yavala ngati mkwatibwi, koma mavairasi akuitsokomoletsa sabata iliyonse."

"Ikutsokomola koma ikugwira ntchito. Ine khadi limodzi ndimathiramo nyimbo zovina mpaka Khirisimasi. Inu zingati?"

"Zanuzo si nyimbo, a Fabiano. Ndi madeya. Ufa munataya."

Mkangano wawo ndi wa kufinya. Kuti nyimbo zambiri zikwane pa khadi, a Fabiano amazichepetsa kukhala zimene amati MP3, ndipo pochepetsapo kompyuta imataya timawu timene ikuganiza kuti khutu la munthu silingamve. A Yoramu amasunga zawo mu mtundu wina wotchedwa FLAC, umene sutaya kanthu. "Kompyutayo inafunsa khutu la ndani?" amatero, ndipo a Fabiano amabwerera kwawo akuseka.

Zonsezi ndinkangozimvera podutsa, mpaka pamene ndinafuna thandizo pa kaseti ya malemu amuna anga. A Silvester ankaimba besi mu kwaya ya parishi yathu. Mu 1996 kunali msonkhano wa makwaya, ndipo wina anajambula kuimba kwathu pa wailesi yobwereka. Mu nyimbo imodzi ya Lenti muli ndime imene iwo amaimba okha. Kulibenso kwina kumene mawu awo anatsala. Kasetiyo ndinaikulunga m'chitenje n'kuisunga m'sutikesi kuchokera tsiku limene wailesi inaitafuna. Nditaimasula patapita zaka, ndinapeza yachita chuku.

Ndinayamba kwa a Fabiano. Anaiyang'ana, n'kundibwezera ndi manja awiri. "Amayi, ine ndingakuonongereni. Izi ndi za abusa a Linux awo."

A Yoramu anaitembenuzatembenuza pa kuwala.

"Tepiyi yafooka kwambiri. Ikhoza kuyenda kamodzi kokha, mwinanso osamaliza. Ikaduka pa ndime ya bambowo, sindikulonjeza kuti ndingaibweze. Koma mukaisunga chonchi, chukuchi chimaliza chokha."

"Ndiye titani, a Ngozo?"

"Mukalola, mubwere mawa chigayo chisanayake. Mukhalepo, kuti chilichonse chikachitika muone ndi maso anu."

M'mawa mwake ndinakhala pa kabenchi ka m'shopumo, kolona ili m'manja. Sindinaonepo munthu akugwira chinthu mofatsa choncho. Anamasula timasikuluwu ta kaseti, n'kumapukuta tepiyo ndi thonje louma uku akuizunguliza ndi bolopeni. Atafika pamene wailesi inatafuna, anawongola makwinya ndi chikhadabo, ndipo pong'ambika analumikiza ndi kadontho ka kyutekisi wopaka zikhadabo. Anadikira kuti kaume. Kenako anasamutsira tepi yonse m'chigoba cha kaseti ina yabwino, n'kuika m'makina olumikizidwa ku kompyuta. Anachotsa mahedifoni awo n'kundiveka ine. Iwo anangotsala ndi maso.

Poyamba kunamveka phokoso ngati mvula ya pa malata. Pa galasi lakuda lija panayamba kumera mizere yobiriwira, yokwera ndi kutsika ngati ya m'munda wa paphiri. Kenako kwaya inayamba. Ndinazindikira mawu a amayi ena amene tinawaika m'manda kalekale. Benchi inalira, mwana wina anatsokomola kumbuyo kwa tchalitchi. Pofika pa cholumikiza chija nyimbo inagwedera ngati munthu wopunthwa, ndipo ndinaona a Yoramu atagwira m'mphepete mwa tebulo. Tepi inadutsa.

Kwaya itakhala chete, ndinamva munthu akukoka mpweya. Ndinali nditaiwala kuti a Silvester ankatero, kukoka mpweya ndi mphuno mwamphamvu asanayambe ndime. Kenako anaimba. Sindingathe kulemba mmene zinalili. Ndinangoti mumtima, Ambuye, mwapatsa anthu anu nzeru zotani, kuti mpweya wa munthu wogona kumanda ukhale m'kachingwe kofiirira, ndipo mlimi wa kachewere aukokemo ndi kompyuta yotayidwa.

Nyimbo ija inatha bwinobwino. Yotsatira itangoyamba, tepi inaduka.

"Zalowa," anatero a Yoramu. Anasunga nyimboyo malo atatu osiyana asanadzuke pampando.

Vuto linabwera pa foni yanga, imene ndi yaing'ono ndipo siitha kuimba FLAC. Anayenera kufinya kope limodzi kuti ndizimvera kunyumba. Anachita zimenezi nkhope ili ngati ya munthu womwa mankhwala a malungo, ndipo a Fabiano atamva anabwera kudzaima pakhomo.

"Abusa achimwa lero. Ndikaitane akulu a mpingo?"

"Chenicheni chili muno, chosafinya. Ichi ndi chongoyendera."

Patapita milungu ingapo anandiitana kuti ndimvere ntchito imene anapitiriza okha. Anali atakonza makope awiri. Loyamba linali monga tepi inatulutsira, phokoso la mvula lija lili momwemo. Lachiwiri anali atalitsuka ndi pulogalamu yochotsa phokoso. M'menemo liwu lililonse linkamveka poyera, koma benchi, chifuwa cha mwana ndi mpweya uja zinali zitapita pamodzi ndi mvulayo, ndipo besi inali itaonda pang'ono. Anandisonyeza kuti kutsukako kuli ndi muyeso, ukhoza kuchuluka kapena kuchepa, ndipo penapake pakati pa makope awiriwo pali mawu a munthuyo monga analili. Anati ayesa kupafuna koma alephera.

"Ine bambowo sindinawamvepo ali moyo," anatero. "Ndikhoza kuyeza phokoso, koma sindingadziwe pamene phokoso lathera ndi pamene iwo ayambira. Inu nokha ndi amene muli nawo m'khutu. Mubwere tsiku lina, mukhale apa. Ndizisuntha muyesowu pang'onopang'ono, ndipo mukamva kuti tsopano ndi iwowo, mundiuze kuti basi."

Zadutsa nyengo ziwiri za mvula chinenereni zimenezo. Sanandikumbutsepo, ndipo ine sindinapitebe, poopa kuti mwina khutu langalo linawaiwala.