Pulogalamu ya Fumbani Siidumpha Munthu

"Pulogalamu yakoyi ndi yamwano, Fumbani! Lole ili panja, iyo yaima chifukwa cha mayi mmodzi?"

Awo anali a Mwavi, manijala wa gulu la alimi a fodya ku Lisasadzi. Fumbani anapitiriza kuyang'ana pa laputopu yake. Munthuyu pakamwa mpolemera. Anakulira pa Kasungu Boma akukonza mafoni pakhonde la golosale, ndipo zolemba mapulogalamu anadziphunzitsa yekha pa laputopu yomanga ndi tepi. Wina akamunyoza, ameneyo sanamuonepo akugwira ntchito.

Pulogalamuyo imatumiza uthenga kwa alimi kuti atulutse mabelo, lole ikubwera. Pofuna nambala ya munthu imayenda ngati mlendo wofunsa njira: ipeze kalabu, m'kalabumo banja, m'banjamo mwini munda, kenako foni yake. Pulogalamu yakale ya gululi ikapeza pena palibe kanthu, inkangodutsa mwakachetechete ngati zonse zili bwino. Ya Fumbani ayi. Pakasowa chimodzi imaima nji, n'kulemba pamene njira yadukira.

Tsikulo inadukira pa mai Dorica. Amuna awo atamwalira, wina mu ofesi ya gululo anafufuta dzina la malemuyo, osaganiza kuti munda ndi foni zinali pansi pa dzinalo. Chaka chatha lole inadutsa iwo osadziwa. Mabelo anachita nkhungu m'chigafa, anthu n'kumati mayiyu ndi wosasamala. Zamanyazi.

Nawonso a Mwavi si munthu woipa, kungoti dalaivala anali ataliza hutala mpaka mutu kuwawa.

"Bwezera yakale ija, enawa alandire uthenga. Za mayiyo tiona mawa."

"Kubwezera sikuvuta, bwana, ndi mzere umodzi," anatero Fumbani. "Koma mawa lole ikhala ili ku okushoni ku Kanengo. Tumani wa kabaza akatenge nambala yawo, ndiwalembe m'dzina lawolawo."

"Dalaivala sangadikire zimenezo."

Fumbani, amene sanakwezepo mawu chiyambire ntchito, anaimirira mpando mpaka kugwa. Anatembenuza laputopu kuti alimi amene anadzadza pakhomo aone dzina la mai Dorica lili m'zilembo zofiira.

"Chaka chatha tinati sitinadziwe. Lero makina anena, nonse mwaona. Ndibwezera, bwana, koma yambani mwanena pamaso pa anthuwa: fodya wa mai Dorica akaolanso, ayankhe ndani?"