Mizere Isanu ya Pachulu

Kumapeto kwa munda wathu, chakumadzulo, kuli chulu. M'munsi mwa chulucho muli mizere isanu imene sindinkabzalamo mbewu yomwe ndikuidziwa kale. Inali mizere yoyesera. Chiyambire nthawi ya makuponi, pafupifupi chaka chilichonse tinkalandira mbewu ya chimanga ya dzina lachilendo pamodzi ndi feteleza wotsika mtengo uja. Anzanga ankangobzala munda wonse. Ine ayi. Ndinkabzala mizere isanuyo n'kumaona mmene yamerera, mmene yapiririra ng'amba, mmene yaberekera, ndiponso ngati anankafumbwe akuilowa msanga. Ikakhoza, chaka chotsatira ndiye inkalowa m'munda waukulu.

Mkazi wanga ankaseka khalidwe limeneli. Iye sukulu analekezera kupulayimale, ine ndinamaliza sekondale, choncho akafuna kundinyogodola ankanditchula kuti a Fomu Folo. Ankauza anzake kuti ngakhale iyeyo ndinayamba ndamuyesa pachulu zaka ziwiri ndisanakaonekere kwa amalume ake. Koma chaka china mbewu ina inapsa ndi dzuwa m'minda ya anthu ambiri, ife n'kutaya mizere isanu yokha. Kuyambira pamenepo kuseka sanasiye, koma kutsutsa anasiya.

Katemera wa matenda a korona anafika kwathu tili pakati pothyola fodya. Ndi nthawi imene mlimi sayendera m'bale wake. M'mawa tinkathyola masamba, masana n'kukhala pansi pa chigafa kumasoka, kuti dzuwa lisanalowe tikhale titapachika. Pa kusoka, mkazi wanga analibe mnzake m'mudzi monse. Ine ndikamamaliza chingwe chimodzi, iye ankakhala ali pa chachitatu, kwinaku akucheza.

Nkhani za katemerayo zinafika iye mwini asanafike. Ena ankati wobayitsa adzafa pakatha zaka ziwiri. Ena ankati ndi chizindikiro cha chilombo chija cha m'buku lomaliza la m'Baibulo. Ena ankati wokana adzafufutidwa pamndandanda wa feteleza. Zonsezi sizinandigwire mtima. Chimene chinandigwira ndi chimene ndinamva pa wailesi, kuti kumayiko ena anthu ochepa magazi awo anaundana atabayidwa. Mkazi wanga anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ankamwa mapiritsi m'mawa uliwonse. Wailesi yomweyo inanenanso kuti anthu a matenda ngati amenewa ndiwo ayenera kukhala oyamba kubayitsa. Ndinamva zonse ziwiri. Ndinasunga yoyambayo.

Iye analibe mantha. Amayi anzake a kumpingo anali atapangana tsiku lopitira limodzi kuchipatala chaching'ono cha ku Chamama, ndipo mwana wathu wamkazi, yemwe amaphunzitsa ku Lilongwe, ankaimba foni pafupipafupi kutikumbutsa. Tsiku lina tikusoka fodya anandiuza kuti Lachinayi apita nawo, ndipo ngati ndikufuna ndimukweze pa njinga tikabayitse tonse.

"Amayi, ndiyambe ine," ndinatero. "Tione kaye mmene zindiyendere."

Anasiya kusoka n'kundiyang'ana. "Ndiye kuti inuyo mwasanduka mizere ya pachulu?"

"Eya."

"Nanga mukapsa ndi dzuwa, a Fomu Folo, ine ndidzakolola chiyani?"

Tinaseka tonse. Ine ndinkaona ngati ndachita chamuna, kuti choipa chikakhalapo chiyambe chagwera ine.

Lachinayilo ndinapita ndekha. Mzere unali waufupi. Mayi wa zaumoyo amene ankalemba mayina ankatidziwa, popeza mkazi wanga ankatengera mapiritsi ake komweko. Anandifunsa kuti amayi ali kuti, nati iwowo ndiwo amafunika kwambiri kuposa ine. Ndinayankha kuti atanganidwa ndi fodya, abwera posachedwa. Anandibaya kumanzere, ndinakhala pabenchi kanthawi monga anandiuzira, kenako ndinapalasa njinga kubwerera.

Tsiku lotsatira ndinadzuka ndikunjenjemera. Mutu unkawawa, mfundo zonse zikuphwanya, ndipo dzanja lobayidwalo silinkafika pamutu. Ndinagona pamphasa pakhonde, padzuwa, nditafunda bulangete. Anthu anabwera kudzandiona ngati mmene amazondera munthu amene watsala pang'ono. Mnansi wina anabwera ndi supuni n'kuiika pamene anandibayapo kuti aone ngati imata, poti anamva kuti m'katemeramo muli maginito. Supuniyo inagwa. Mkazi wanga anamuuza kuti ulendo wina adzabwere ndi khasu, mwina ndiye lidzamata. Masiku awiriwo anandisamalira, anandipukuta ndi kansalu konyowa, fodya n'kumathyola yekha. Tsiku lachitatu ndinadzuka bwinobwino n'kupita kumunda.

Atandiona ndikunyamula mtolo wa masamba, anati basi mbewu yamera, tsopano yatsala nthawi yake. Ndinamuyankha kuti kumera sikukolola. Ndinati tidikire mpaka ndibayitse kachiwiri, patatha miyezi itatu monga anandilembera, kuti tione ngati sipatuluka china. Ndinati ngati ine wopanda matenda ndagona masiku awiri, nanga iye wa mapiritsi adzagona angati?

Pali china chimene sindinanene, ndipo ndichinene pano. Masiku awiri aja nditagona, ndinaona masamba akupsa m'munda, akuchita chikasu mpaka kuyoyoka. Ndinaganiza za dzanja lake. Dzanja limenelo likanalemera ngati langa, n'kutenga sabata imodzi, fodya wa chaka chimenecho akanawonongeka. Mantha a magazi kuundana anali enieni, sindikunama. Koma pansi pake panali fodya.

Akanatha kupita yekha. Amayi anzake anapitadi, ndipo palibe amene chinamuchitikira kupatula kuwawa kwa dzanja. Iye buku lake lakuchipatala anali ataliika kale m'kachikwama kamene ankapita nako kutchalitchi. Koma pa zaka zonse za banja lathu sitinkachita chinthu chachikulu wina asanavomereze, ndipo pa nkhani za kuwerenga ndi za pa wailesi ankakhulupirira ine. Mwana wathu akaimba, mayi ake ankangoti tipita, ntchito yachuluka.

Anandikumbutsanso tikusankha fodya wouma, kupatula masamba abwino ndi ong'ambika. Ndinati tidinde kaye mabelo. Anangopitiriza kusanja masamba pamwendo pake.

Mabelo atakwera lole kupita ku okushoni, mphepo ya mu Juni itayamba, anandikumbutsa kachitatu. Nthawi yanga yobayitsa kachiwiri inali itakwana, ndipo thupi langa linali bwino kuposa kale. Ndinamukweza pa njinga.

Titafika tinapeza benchi ija ilibe munthu. Mayi wa zaumoyo uja anatiuza kuti katemera watha, osati kwathu kokha koma dziko lonse, ndipo sakudziwa kuti wina afika liti. Ngakhale wanga wachiwiri panalibe. Anayang'ana mkazi wanga, kenako anayang'ana ine.

Pobwerera ndinkayembekeza kuti mkazi wanga andidzudzula. Sanatero. Anandiimitsa pamsika, anagula nthochi, n'kumadya ali pakaliyala. Anati izi ndi za kudepoti zomwe zija, ukapita lero akuti netiweki palibe, ukapita mawa akuti feteleza watha, koma mapeto ake amabwera ndithu ngakhale chimanga chitafika m'mawondo. Ndinavomera. Zaka za makuponi zinatiphunzitsa kuti chinthu cha boma chikatha umangodikira, ndipo sitinaone kusiyana kwake.

Mwezi wotsatira kunazizira kwambiri, ndipo maliro anachuluka. Sindikudziwa kumene mkazi wanga anawatenga matendawo, kaya kumaliro, kaya kuchigayo. Anayamba ndi kutsokomola. Chaka chilichonse ankatsokomola chifukwa cha fumbi la fodya, choncho ndinati ndi fumbi lomwelo, ngakhale m'chigafa munali mutakhala mopanda kanthu kwa milungu ingapo. Ndinamuthyolera masamba a bulugamu, tinawawiritsa, anadzifunditsa bulangete pa nthunzi yake. Anamwa madzi a mandimu ndi jinja. Tsiku lachisanu anatuluka kuti akasese pabwalo, ndipo ndinamupeza atatsamira khoma, tsache lili pansi, akulephera kumaliza mawu amene ankafuna kundiuza.

Tinapeza galimoto yotitengera kuchipatala chachikulu ku boma. Anatiyeza tonse awiri, ndipo tonse anatipeza nawo. Ine ndinkangomva kamutu pang'ono ndi kusamva fungo. Anandiuza kuti ndibwerere kunyumba ndikakhale pandekha. Iye anamulowetsa kumalo kumene achibale saloledwa, n'kumuika pa mpweya. Ndinamuona komaliza ali pa njinga ya odwala, atafumbata kafoni kake, chitenje chikukhwekhwereza pansi. Ndinafuna kuchikweza koma anandiletsa kuyandikira.

Tsiku lachitatu masana anandiimbira. Ndinali nditakhala pakhonde. Mawu ake ankabwera pang'onopang'ono, ndipo pakati pake ndinkamva phokoso la makina. Anafunsa ngati nkhuku ndikuzitsegulira. Anafunsa ngati ndadya. Kenako anati:

"Nanga inuyo, abambo, mukupeza bwanji?"

"Ine ndili bwino, amayi. Mutu wasiya."

Ndinayang'ana foni kuti mwina yaduka.

"Ndiye kuti mbewu ija inali yabwino," anatero.

Panamveka kenakake, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kutsokomola. Ndinamuitana kawiri. Namwino ndiye anayankha, nati odwala atopa, ndidzaimbenso mawa. Mawa lake sanathe kuyankhula. Mkuja wake anamwalira.

Maliro ake sanagone. Thupi linabwera litakutidwa kale, ndipo amene anamuika m'manda ndi anthu ovala zoyera omwe nkhope zawo sindinazione. Amayi a kumpingo, amene iye anasambitsa nawo maliro ambiri m'mudzi muno, sanaloledwe kumukhudza. Anaima patali atavala mamasiki n'kuimba nyimbo ziwiri. Mwana wathu anafika kuchokera ku Lilongwe, koma popeza ine ndinali ndidakali ndi matendawo, anaima tsidya lina la manda, ine tsidya lino. Tinkangoyang'anana.

Patapita milungu yochepa katemera anabweranso. Ulendo uno anatitsatira m'mudzi. Mayi wa zaumoyo uja anafika pa njinga yamoto ndi kabokosi kozizira, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi. Mzere unali wautali. Mnansi wa supuni uja anali kutsogolo. Ena ankanena poyera kuti abwera chifukwa cha zimene zaonekera kunyumba kwanga. Pofuna khadi langa la katemera m'mawa umenewo ndinatsegula kachikwama ka mkazi wanga ka kutchalitchi kaja, poti ndi iye ankasunga mapepala athu. Khadi langa linali m'kati mwa buku lake lakuchipatala, mmene analiika tsiku lija tinabwerera chabe.

Atandibaya ndinamufunsa mayiyo motsitsa mawu ngati mkazi wanga akanapulumuka akanabayitsa nthawi imene ine ndinabayitsa. Anati palibe munthu angandiuze motsimikiza. Anakonza thonje pa dzanja langa, ngakhale linali bwinobwino, n'kuitana wotsatira.

Mwana wathu anandifunsa kamodzi pa foni kuti zinatheka bwanji kuti ine ndibayitse, mayi ake ayi. Ndinamuuza kuti titapita tinapeza katemera watha. Sindinanene bodza. Kwa miyezi inayi ndinakhala ndi yankho limenelo, ndipo usiku ndi usana linkandilemera kuposa bodza.

Mvula yoyamba itagwa mwanayo anabwera kudzandithandiza kubzala, poti anadziwa kuti ndili ndekha. Chaka chimenecho tinalandiranso mbewu ya dzina latsopano. Iye anakulira pamundawu, choncho osafunsa anatenga paketiyo n'kulunjika kuchulu. Ndinamutsatira ndi khasu. Ine ndinkakumba mapando, iye n'kumaponya mbewu ndi kukwirira ndi phazi, monga ankachitira mayi ake.

Tili pa mzere wachitatu ndinaima. Ndinamuuza zonse, kuyambira Lachinayi lija. Ndinamuuza kuti mayi ake anapempha katatu. Ndinamuuza za wailesi, ndipo ndinamuuzanso za fodya. Sindinamuyang'ane kumaso.

Mbewu zili m'manja, anati, "Amayi anandiuza, ababa. Tsiku limene munabwerera chabe kuchokera ku Chamama. Anati ndisadzakufunseni, koma ine ndinalephera."

Ndinafunsa ngati ananenanso china.

"Anati mumawaopera."

Za fodya sanazitchule, ndipo sindikudziwa ngati mayi ake ankazidziwa. Ndikuganiza kuti ankadziwa. Munthu amene unakhala naye pansi pa chigafa chimodzi zaka zonsezo sungamubisire chimene maso ako akuyang'ana.

Mwanayo anapukuta m'maso ndi mkono n'kuloza phando lotsatira kuti ndikumbe. Tinamaliza mizere isanuyo. M'paketimo munatsala mbewu yambiri. Anaipinda pakamwa pake n'kundipatsa, ndipo tinabwerera kunyumba, iye patsogolo, ine pambuyo.