Dzanja Lokana Kufumbatula

Mayi Irshad Bibi anakulira pakamwa pa tanduri, uvuni wadothi wokwiriridwa pansi umene akazi a m'mudzi mwathu, kufupi ndi mzinda wa Sahiwal, amaotcheramo roti, mkate wopyapyala. Akali mtsikana ankadziwika ndi kulira kwa chikhatho chawo: ankatenga mtanda wa ufa wa tirigu, kuuponya uku ndi uku mpaka upyapyale, kenako kulowetsa mkono m'moto ndi kuumata kukhoma la uvuni, phwa! Anakwatiwa ndi bambo Boota, munthu wofatsa woweta njati zamkaka, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Komal. Bambowo anaitanidwa ndi Ambuye mwanayo akali wamng'ono, njati zinatsalira mayiwo.

Tsiku lina akukankhira msipu m'makina odulira chakudya cha njati, mpango wawo unakodwa. Anaugwira kuti aukoke, ndipo mpeni wa makinawo unawadula dzanja lamanja. Linachoka litafumbata mpangowo.

Anaphunzira kukama, kusesa ndi kumanga mitolo ndi lamanzere. Tanduri yekha anamusiyira ena. Pagulu sanalirepo, ndipo wowamvera chisoni ankamuuza kuti, "Wolumala ndi amene ali ndi manja awiri koma njati zake zikulira njala."

Chowalasa mtima chinali chimodzi. Kwathu mwana akakumana ndi wamkulu amaweramitsa mutu, wamkuluyo n'kuikapo chikhatho chamanja. Umenewo ndiwo mdalitso, ndipo lamanzere siligwira ntchito imeneyi. Ana a mumpingo akaona Mayi Irshad ankawerama mwachizolowezi, kenako n'kukumbukira, n'kuwongoka mwamanyazi.

Komal atatomeredwa, kunabwera a Gulzar, mlongo wamkulu wa malemu Boota, kudzakamba za ukwati.

"Alamu, za kutsanzikana ndi mwanayu zisakuvuteni," anatero a Gulzar. "Dzanja ndidzamuika ndine. Ndine azakhali ake, magazi ndi amodzi."

"Munamubereka ndinu?"

"Nanga inu mudzamuika chiyani? Chitsa?"

"Chitsa chimaphuka, alamu. Imwani tiyi wanu asanazizire."

Sabata yomweyo Mayi Irshad anakwera basi ndi Komal kupita ku Lahore, kumene kunali akatswiri opanga manja omvera maganizo a munthu. Dokotala wachitsikana, dzina lake Anum, anawayeza mkono, ndipo atapitanso kachiwiri anawaveka dzanja lakuda la zala zisanu.

"Amayi, ubongo wanu sunavomere kuti dzanja linachoka," anatero dokotalayo. "Ukutumizabe mauthenga m'mitsempha mpaka pamene mkono wathera. M'kati umu muli tizitsulo timene timamva mauthengawo n'kuuza zala chochita. Taganizani kuti mukufumbata."

Zala zinafumbata nthawi yomweyo, gwa!

"Tsopano tambasulani."

Anaganiza mpaka thukuta linawatsika m'khosi. Dzanja linangoti zii.

"Mwanangu, dzanja lakoli ndi logontha khutu limodzi."

"Si logontha ayi, Amayi. Likuchita zimene mukuliuza. Kodi lanu lija, mukatsinzina mumalimva lili bwanji?"

Mayi Irshad anatsinzina. Zaka zonsezo ankalimvabe dzanja losowalo, litakanirira mpango, ndipo sanauzepo munthu.

Dokotala anawasonyeza kabatani ka m'mbali. "Mukadina apa ndi lamanzere limatambasuka. Pa ukwatipo mungathe kutero, palibe angadziwe."

"Lotsegulidwa ndi lamanzere ndi lamanzere basi. Mwana wanga sindimudalitsa mwachinyengo."

Kumudzi dzanjalo linaswa dzira, linaphwanya kapu, linang'amba chovala chimene ankati apinde. Kabatani ankakadina pofuna kumasula chimene lagwira, koma pambuyo pake linkafumbatanso. M'mawa uliwonse, akatha kukama, ankagwada m'khola n'kunena kuti, "Ambuye, Inu amene munandiumba ndi dothi, mukudziwa pamene mfundo ili. Sindikupempha lija. Ndikupempha kuti ili limve." Yankho linachedwa, monga achedwera mayankho ambiri amene afika pa nthawi yake.

A Gulzar sanachedwe. "Nkhonya pamutu pa mkwatibwi? Mukufuna akayambe kumenya apongozi ake?"

Akulankhula choncho, zala zija zinalira, kufinya koposa kale.

"Mwalimva, alamu? Ngakhale chitsulo chakudziwani," anatero Mayi Irshad.

M'mawa wa tsiku la ukwati akazi anazungulira tanduri kuotcha roti wa alendo. Mayi Irshad anaima chapatali, nkhonya yawo itabisala mumpango. Mtsikana wa nyumba yoyandikana, Shazia, ankaika mtanda kukhoma mwamantha, ndipo unagwera pamakala, wina n'kugweranso. Mayiwo anapirira, koma ufa wa ukwati wa mwana wawo ukupserera sakanatha kungoyang'ana.

"Iwe Shazia, ukusisita mphaka kodi? Roti amamata chonchi!"

Mkono unakwera wokha, ndipo m'mwambamo zala zisanu zinatambasuka, chikhatho chili gwaa, chokonzeka kumenya khoma. Akazi onse anasiya mitanda. Mayi Irshad anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Miyezi yonseyo ankalilamula ndi mawu, pamene dzanja lawo silinaphunzirepo mawu, linkadziwa ntchito. Pansi pa tsiku limodzi loipa lija panali zaka zambiri za mkate, ndipo sizinafafanizike.

"Tsekani pakamwa, ntchentche zilowamo," anatero. "Moto ukutha."

Madzulo, galimoto ya mkwati itaima pakhomo, Komal anatuluka atavala zofiira, akulira monga alirira akwatibwi onse. Anawerama. A Gulzar anayamba kusendera, chikhatho chili kale m'mwamba, koma Mayi Irshad anawadutsira kutsogolo. Ndi mantha a pagulu dzanja linali litafumbatanso, ndipo manong'onong'o anayenda pabwalo ponse. Chala chawo chamanzere sichinayandikire kabatani. Anatsinzina, namva kutentha kwa uvuni kumaso ndi kulemera kwa mtanda wofewa. Zala zinalira pang'ono, n'kutambasuka. Chikhatho chinatera pamutu pa Komal, phwa!

"Amayi, pang'onopang'ono," ananong'ona Komal, misozi ndi chiseko zitasakanikirana. "Ine si roti."

"Khala chete ulandire. Ambuye akusunge potuluka pano ndi polowa uko, ndipo moto wa m'nyumba mwako usazime."

A Gulzar anang'ung'udza mokweza kuti onse amve: "Chitsulo sichidalitsa munthu."

"Mwanena zoona, alamu. Nalo la mnofu silidalitsa. Wodalitsa ali kumwamba; ntchito yathu ndi kungoika dzanja. Bwerani muike lanu, mwayi wachiwiri ndi wanu."

Galimoto itanyamuka, ana a mumpingo anayamba kuwayandikira mmodzimmodzi, mitu ili pansi. Mayi Irshad anakwinya mpango paphewa, natukula mkono.

"Limbitsani makosi," anatero.